Makina a Zipolopolo Amene Sitinagule

Chipinda chija ndinachipeza kudzera mwa wansembe wina wa kwathu amene ankatumikira pa parishi ina kumpoto kwa Dublin. Nthawi imeneyo ntchito zinali zitabwereranso mumzinda, nyumba zosanja zikumera paliponse, koma pogona munthu wamba panali patasowa. Chipinda chikalengezedwa m'mawa, pofika masana mzere wa ochifuna wafika pamsewu, aliyense atanyamula kalata ya kuntchito. Ine ndinali nditagona miyezi yambiri pabalaza pa mnzanga ku Ongar, pansi, pakati pa sofa ndi njinga za ana ake. Mnzangayo sanadandaulepo, mkazi wake chimodzimodzi, koma munthu umadziwa wekha kuti tsopano walemera. Choncho wansembe uja atandiuza kuti ku Drumcondra kuli bambo wina wokalamba amene akufuna munthu wokhala naye, sindinafunse n'komwe kukula kwa chipindacho.

Bamboyo anali mzungu wa komweko, mkazi wawo atamwalira kalekale. Lendi anaika yotsika, pofuna kuti m'nyumbamo muzimveka mapazi a munthu wina, komanso pakhale wotulutsa zinyalala ndi kunyamula katundu wa kusitolo. Tsiku loyamba atatsegula chitseko anandiyang'ana manja, osati nkhope, n'kunena m'chilankhulo chathu kuti, "Muli bwanji, amisiri?" Ndinatsala pang'ono kugwetsa chikwama. Anali atagwirapo ntchito yosula zitsulo pamgodi wina ku Zambia ali mnyamata, ndipo anatolako Chinyanja kwa anzawo a ku Chipata. Chinali chitatsala chochepa, cha moni ndi chotukwanira, zina zonse tinkalankhula m'Chingerezi. Wansembe anali atawauza kuti kwathu ku Kasungu ndinali makaniko wa zigayo, ndiye dzina la amisiri linandikanirira. Ine ndinkawaitana kuti madala, ndipo ankalikonda.

Tsiku lomwelo anandionetsa kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma pansi pa masitepe. Anati muli mfuti yawo yoombera chandamale, ili ndi chiphaso cha boma, ndipo kiyi wake si nkhani yanga. Ndinavomera ndi mtima wonse, pakuti mfuti sindinaikondepo. Kubwalo loomberako anali asanapiteko kwa nthawi yaitali. Manja awo ankanjenjemera, moti kapu ya tiyi ankaithira theka kuti isatayike.

Ine ndinkagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba. Ndinkalowa m'mamawa n'kuweruka masana, ndipo ndikafika ndinkawapeza kukhitchini atayala mabuku otsatsa malonda patebulo. Anali mabuku akale, onenepa, masamba ake atapindika m'makona, odzaza ndi zithunzi za zitsulo. Masiku oyamba ndinkangolonjera n'kukwera kuchipinda kwanga. Koma munthu amene wakulira m'girisi sangadutse chithunzi cha makina osasuzumira, ndipo tsiku lina anandigwira ndikusuzumira. Anakankha mpando ndi phazi kuti ndikhale.

Anandifotokozera kuti chipolopolo chikaombedwa chimasiya khoko lamkuwa, ndipo khokolo silitayidwa, munthu akhoza kulidzazanso. Ku Zambia ankadzaza okha, chifukwa zipolopolo za m'sitolo zinkasowa. Pantchitoyi pamafunika pulesi, chitsulo cholemera chomangirira patebulo, chokhala ndi mkono wokoka. Pamwamba pa pulesi umamangapo dayi, kachitsulo kobowoka pakati. Nditaona chithunzi chake ndinati, ichi ndi chikombole basi, ngati choumbira njerwa. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti zaka zonsezi palibe amene anawafotokozera bwino chotero. Dayi imodzi imabwezera khoko pamuyeso wake, ina imakhazika mutu wa chipolopolo pamalo pake. Pulesi yawo yakale anaisiyira mnzawo pochoka ku Zambia, ndipo tsopano ankafuna kusankha ina.

Kusankhako ndiko kunatidyera nyengo yonse yozizira. Mapulesi anali amitundu itatu. Ina imanyamula dayi imodzi yokha, umaliza ntchito imodzi pamakoko onse, n'kumasula, n'kumanga ina. Ina ili ndi mutu wozungulira wonyamula madayi angapo, umangoutembenuza ndi dzanja. Yachitatu ndiyo inandilanda mtima: ukakoka mkono kamodzi, makoko angapo amayenda okha, lililonse pantchito yake, ndipo chipolopolo chimagwera m'kabokosi chitatha kale. Ndinati tigule imeneyo. Madala anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Imeneyo ndi ya anthu othamanga," anatero. "Zinthu zisanu zikuchitika nthawi imodzi, iwe uli ndi maso awiri. Cholakwika chikadutsa, udzachidziwira kumaso kwako."

"Koma madala, chigayo chabwino n'chimene chimamaliza mzere dzuwa lisanalowe."

"Ufa ukalakwika umauseferanso, amisiri. Izi sizisefedwa."

Iwo ankafuna ya dayi imodzi, yachitsulo chosungunula cholemera, yotsekeka mbali zonse kuti isapindike ukakoka mwamphamvu. Ndikawauza kuti ilipo ina yopepuka komanso yotsika mtengo, ankagwedeza mutu n'kumati chitsulo chopepuka n'chabwino pandege. Tikamaliza za mapulesi tinkayamba za madayi. Pali dayi yofinya khoko lonse, ndipo pali yofinya pakhosi pokha. Yachiwiriyi imasunga mkuwa nthawi yaitali, koma khokolo limazolowera mfuti imodzi yokhayo. Lolemba ankasankha yoyamba, Lachinayi asintha, ndipo akasintha dayi ankati tiyambirenso za pulesi. Ndinkakwiya nawo zenizeni, nthawi zina mpaka kumenya tebulo, iwo n'kumasangalala kuti andipsetsa mtima.

Ndinene zoona, masana amenewo ndinkawakonda kwambiri. Kuntchito manja anga ankasambitsa anthu, kuwatembenuza pabedi ndi kuwadyetsa phala. Si ntchito yochititsa manyazi, koma palibe amene ankandifunsa maganizo anga pa chilichonse. Patebulo lija munthu wodziwa zitsulo ankandifunsa ngati mazinga a bawuti inayake ndikuwakhulupirira, n'kudikira yankho langa. Ndinali nditaiwala kuti ndimadziwa zinthu. Ndipo m'mutu mwanga zonsezi zinali macheza chabe, monga amuna amakanganirana za galimoto zimene sadzagula.

Ndiye Lachiwiri lina ndinapeza tsamba limodzi litazunguliridwa ndi cholembera chofiira, mzere wake wokhotakhota chifukwa cha manja aja. Pambali pake panali khadi yawo ya kubanki.

"Ndasankha," anatero. "Pulesi iyi, madayi awa. Lachisanu sukupita kuntchito, uitanitse pafoni yako. Ulembe dzina lako ndi nambala yako, chifukwa obweretsa katundu akandiimbira ine sindimva."

Ndinati, "Chabwino madala, tiona."

Nditakwera kuchipinda ndinafufuza za lamulo pafoni. Ku Ireland lamulo sililola munthu kudzaza zipolopolo kunyumba kwake mwachisawawa. Monga ndinamvera, zimenezi zimachitikira pamalo ovomerezeka, kutali ndi khitchini ya ku Drumcondra. Sindine loya, ndipo sindinadziwe bwino ngati kugula chitsulo chokhacho unali mlandu. Koma ndinkadzidziwa ine. Ndinabwera m'dzikomo ngati wopempha chitetezo, ndinakhala zaka m'nyumba zosungiramo odikira yankho la boma, ndipo chilolezo chokhala chimene ndinali nacho chinali cha mtundu wopita nacho kukachiwonjezera nthawi ndi nthawi. Munthu wakuda, wobwera, dzina lake lili paphukusi la zida zodzazira zipolopolo: ndinkaona kale nkhope ya wofunsa mafunso. Kukana nako kunali ndi mano ake. Wokhala m'nyumba imodzi ndi mwini wake alibe pogwira, akakutopa amangokuuza kuti longedza. Ndikavomera ndiika mapepala anga pamoto, ndikakana ndibwerera kukagona pansi pabalaza pa eni.

Kwathu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ine ndinaviika ndithu. Lachisanu ndinati foni ikuvuta. Sabata yotsatira ndinati sitoloyo yakana khadi. Kenaka ndinati pulesiyo yatha, tidikire ina ifike. Bodza lililonse ndinkalinena maso ali pansi, mwaulemu wonse, ndipo madala ankangoti, "Hmm." Ndinkayembekeza kuti amva okha, monga wamkulu wa kwathu akanamvera pa bodza lachiwiri n'kuisiya nkhaniyo popanda wochita manyazi. Koma iwo anaganiza kuti vuto ndi foni basi. Anati Lamlungu likudzali tikhale limodzi patebulo, aone ndi maso awo pamene pakukanika.

Loweruka ndinakwera basi kupita ku Ongar kukafunsa nzeru. Mnzanga uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaimba mluzu.

"Aise, ukufuna deportation iwe? Zinthu za ma gun, pa dzina lako? Usayerekeze."

"Nanga ndiwakane bwanji? Room ija ndi yawo."

"Wamkulu sakanidwa pamaso, ukudziwa. Ali ndi mwana wamkazi, eti? Muimbire iyeyo. Akawauze yekha bwinobwino ngati family, iwe usaonekemo. Mdala akhala ndi ulemu wake, iwe ukhala ndi room yako."

Mkazi wake anali kukhitchini, koma makutu ake anali nafe. Anatulukira akupukuta manja n'kunena kuti, "Alamu, azunguwa sali choncho. Kangowauzani straight kuti no, sindingathe. Akwiya two days basi." Ine ndi mwamuna wake tinayang'anana n'kumwetulira, kumwetulira kwa amuna odziwa dziko. Mpaka lero ndikakumbukira kumwetulira kumeneko ndimadzida.

Nzeru ya mnzangayo inandikomera chifukwa ndi imene ndinali nayo kale. Kwathu nkhani yovuta siyenda yokha, imakhala ndi woinyamula. Bambo anga akalakwitsa, sitinkawauza ife, tinkadzera kwa amalume, ndipo madzulo ake zinthu zinkasintha ngati aganiza okha. Umenewo ndiwo unali ulemu waukulu umene ndinkaudziwa, ndipo madala ndinkafuna kuwapatsa womwewo.

Mwana wawo wamkazi ndinkamudziwa pang'ono. Ankachita lendi ku Citywest ndi ana ake awiri, ndipo ankabwera kudzaona bambo ake akapeza mpata, nthawi zonse akuoneka wotopa. Ndinamuimbira ndili pamalo odikirira basi. Ndinafotokoza mofatsa, n'kumupempha kuti awalankhule mwanzeru, ndiponso kuti asanditchule. Kenaka anafunsa ndi mawu okwera kuti, "Akufuna kupanga chiyani? M'khitchini?" Mafunso ena anatsatira. Kodi manja awo afika pati? Kabati ija amaitsegula? Anaiwalapo mphika pamoto? Ndinayankha limodzilimodzi, moona, ndikuganiza kuti ndikuthandiza. Inde amaitsegula, kukapukuta mfuti. Inde mphika anauiwalapo kamodzi. Nditadula foni m'pamene ndinazindikira kuti ndimafuna mkhalapakati, koma ndakhala mboni.

Lamlungu lija sitinakhale patebulo. Mwanayo anafika m'mawa, anadzitsekera ndi bambo ake kubalaza, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kuchipinda kwanga. Sabata yotsatira anawatengera kwa dokotala. Patangopita masiku ochepa kunabwera apolisi awiri kudzatenga mfuti ija, aulemu kwambiri, mpaka anamwa tiyi. Madala anatsegula okha kabati, ngakhale kiyi anatenga nthawi kulowa pabowo, ndipo palibe amene analimba mtima kuwathandiza. Anatulutsa mfutiyo, anaipukuta ndi kansalu kuyambira kumutu mpaka kumapeto, n'kuipereka ndi manja awiri. Ine ndinaima pamasitepe ngati mlendo wodutsa. Dzina langa palibe analitchula, koma m'nyumbamo tinali anthu awiri okha, ndiye panalibe chofufuza.

Mabuku aja anachoka patebulo. Ndikalonjera ankayankha, koma dzina la amisiri linatha, ndinangokhala munthu wa chipinda chapamwamba. Zinyalala ndinkatulutsa, katundu ndinkanyamula, ndipo tsiku lililonse ndinkakonza mawu oti ndiwauze, n'kuwameza ndikafika pakhomo la khitchini. Ndinkadzitonthoza kuti bola chipinda chilipo, mtima wa munthu umazizira.

Chipindacho sichinakhalepo. Mwana uja anabwera masana ena n'kupempha kulankhula nane panja. Mwini nyumba yawo ku Citywest anali ataigulitsa, ndipo iye anali atayendayenda osapeza kwina. Dokotala nayenso anali atanena kuti bambo ake asamakhale opanda wachibale. Choncho ankasamukira kuno ndi ana ake, ndipo chipinda changa chinkafunika. Anandipatsa mwezi umodzi. Ankalira ponena zimenezi, n'kumandithokoza kuti ndinamuimbira foni. Ndinakwiya, sindibisa, koma ndinasowa woti ndimukwiyire. Mayiyo naye ankafuna denga la ana ake, ndipo khomo limene analowera ndinalitsegula ndine.

Mwezi wonsewo ndinaima m'mizere ya ofuna zipinda, osapeza kanthu. Mapeto ake ndinaimbira mnzanga wa ku Ongar, ndipo iye anangoti bwera. Tsiku lochoka linali Loweruka m'mawa. Ndinatsitsa zikwama zanga ziwiri, ndikuganiza zongotsanzika pakhomo, koma madala anandiitana kukhitchini. Anali atathira makapu awiri a tiyi, onse theka.

"Khala pansi. Ndikufunse funso limodzi, ndipo undiyang'ane. Makina aja unkafuna kuitanitsa?"

Ndinayang'ana kapu. Anadikira. Ndinakweza maso n'kunena kuti, "Ayi, madala."

"Waona? Pakamwa pako sipanang'ambike."

Ndinayamba kufotokoza za mapepala anga, koma anakweza dzanja. Anati lamulo ankalidziwa kuposa ine, ndipo ankadziwanso kuti manja awo sangagwire khoko osaligwetsa. Mwina akanaimanga pulesiyo patebulo n'kumangoiyang'ana, mwinanso akanayesa, sakudziwa. Anavomera kuti kundipempha dzina langa kunali kupusa kwa nkhalamba, ndipo za mapepala sanaziganizire n'komwe.

"Ukanandiuza kuti ayi, ndikanakutukwana m'zilankhulo ziwiri," anatero. "Mawa lake tikanatsegula buku n'kuyambiranso kukangana. Sindikanakuchotsa. Ndinali nditauza kale mwana wanga kuti ngakhale atabwera, chipinda chapamwamba chili ndi mwini wake. Tsopano m'nyumba muno mawu anga salemeranso kanthu."

Apa m'pamene misozi inandivuta. Ndinati, "Madala, kwathu umenewo ndi ulemu. Munthu wamkulu sitimukana pamaso. Timadzera kwa wachibale kuti asachite manyazi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndikudziwa, ndinakhalako kumeneko. Sindikuti unandida. Koma kunoko, amisiri, munthu tikayamba kukamba za iye ndi ana ake iye osadziwa, ndiye kuti tagwirizana kuti mutu wake wapita. Iwe umagwira ntchito kumene kuli anthu otero, umadziwa. Ine ndimaganiza kuti patebulo pano pali amuna awiri."

Zimene ananenazo ndinkazichita tsiku ndi tsiku kuntchito, kuima pakhonde ndi mwana wa munthu, kunong'onezana za bambo ake ali pabedi chapafupi. Sindinaganizepo kuti ndachita zomwezo kwa munthu yekhayo mumzinda uja amene ankadikira yankho langa. Tiyi ndinamwa yense, pakuti kumusiya kukanakhala kuwonjezera chipongwe.

Sanandiperekeze, miyendo inali itawavuta tsiku limenelo. Anangondipempha kuti ndikatuluka ndikhome chitseko ndi kiyi wanga, chifukwa loko uja ankawavuta kutembenuza, kenaka kiyiyo ndimuponye mkati kudzera pakabowo ka makalata. Ndinakhoma, ndinayesa chitseko kawiri kuona ngati chagwira, n'kuponya kiyi. Ndinamumva akugwa pansi mkatimo. Ndinaima pakhondepo nthawi yaitali ndi zikwama zanga, kumvetsera ngati wina abwera kudzamutola, koma m'nyumbamo simunamveke phazi.